Asanatseke Manda Akale

4 Febuluwale

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tiliko pang'ono.

Amayi miyendo yatupanso. Masilipasi munawagulira aja sakulowa, ndachita kuwang'amba pamwamba. Adokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza mosabisa kuti mtima watopa, ndipo akadzaona chaka chamawa tidzathokoze Mulungu. Eni akewo sindinawauze, koma mukuwadziwa amayi anu, nkhope ya munthu amaiwerenga osavala ndi magalasi omwe. Ndawasunthira bedi m'chipinda chosokera kuti ndiziwaona ndikamapalasa makina. Tsiku lonse amakhala akundiyang'anira ntchito, ndipo kwa iwo mpendero uliwonse womwe ndasoka ndi wokhota.

Chimene ndalembera ndi ichi. Dzana kunabwera mkazi wa woyendetsa sitima kudzayesa diresi, wangochokera kwanuko. Ndili pakati pomuika mapini m'chiuno anangoyamba kuti, "Kodi m'busa akusowetsa anthu mtendere uja, amati M'busa wa Zitsime, si mchimwene wanu? Akuti akufuna manda akale atsekedwe." Ndinamubaya ndi pini dala kuti asinthe nkhani, poti amayi anali pomwepo. Mwayi wake anali akuwodzera.

Achimwene, mundiuze kuti ndi bodza. Mutatuluka mumpingo waukulu n'kukayamba kulalikira m'shedi ya matabwa, ine ndinakuikirani kumbuyo. Mutayamba kulalikira za ngalande ndi zinyalala za pamsika, anthu n'kumati mwasokonekera mutu, ndinakangana nawo mpaka ena anasiya kusoketsa kwa ine. Koma kumanda akale ndi kumene agona abambo, ndipo pambali pawo pali malo a amayi. M'mawa uliwonse amandikumbutsa za malo amenewo ngati munthu amene wasungitsa katundu.

Ndalama sindikupempha, singano ikutidyetsa. Ndikufuna yankho basi.

Ndine mlongo wanu.

*

19 Febuluwale

Mlongo wanga wokondedwa,

Chisomo ndi mtendere zikhale nawe. Kuno tonse tili bwino. Uwapatse moni amayi, uwauze kuti ndimawapempherera.

Zimene wamvazo si bodza. Manda akale ali pamtunda, zitsime za anthu a kumunsi kwa tauni zili m'munsi mwake, ndipo madzi satsata malamulo a mpingo, amatsata kutsetsereka. Manda aja anadzaza kalekale. Lero okumba akangolowetsa fosholo amagunda bokosi la munthu wina.

Mwezi watha ndinaika mwana wa wosoka nsapato wa mumpingo mwathu, amene anatsegula m'mimba masiku ochepa chabe. Dzenje linali ndi madzi olekeza m'mawondo. Kabokosi kaja kanayandama, mpaka bambo wake anatsikiramo n'kukapondereza ndi phazi kuti anzake akwirire. Tikubwerera, ndinaona mkazi wake akutunga pachitsime cha kuseri kwa mpanda wa manda omwewo, poti china kulibe. Tsiku limenelo ndinalephera kuwauza kuti n'chifuniro cha Mulungu. Mulungu sanaikepo manda pamwamba pa chitsime, tinaika ndife.

Pali malo ena paphiri, kuseri kwa njanji, kutali ndi madzi. Anthu sakuwafuna, akuti ndi patali ndiponso pamiyala. Makhansala adzavota mu Epulo. Vuto ndi lakuti manda akale ndi a mpingo waukulu, ndipo wapampando wa khonsolo ndi mkulu wa mpingo womwewo. Sanandikhululukirebe chichokereni kwawo.

Za amayi sindinaiwale. Usawauze kanthu. Mulungu adzatsegula njira.

Ndine mchimwene wako mwa Ambuye.

*

6 Malichi

Achimwene,

Moni wanu amayi alandira. Ine ndili bwino, kupatula mtima umene mwaupsetsa.

Mukuti Mulungu adzatsegula njira, pomwe inu mukutseka manda? Ndinakufunsani funso ngati mlongo wanu, mwandiyankha ngati ndakhala pabenchi ya m'shedi mwanu. Za mwana wa wosoka nsapato ndinalira nditawerenga, musaganize kuti ndili ndi mtima wa mwala. Koma kalata yonse ija, za amayi mwalemba timizere titatu ta kumapeto, ngati mwakumbukira mutanyambita kale envulopu.

Poti mwaiwala, ndikukumbutseni. Abambo atamwalira amayi anakana kusamukira kuno. Ankati akachoka, abambo atsala okha. Ndinu amene munawanyengerera. Pasiteshoni paja sitima itaimba, anakugwirani jekete n'kunena kuti, "Ndikupita ndi miyendo yanga, koma udzandibweze. Pambali pa bambo ako, osati kwina." Inu munati, "Ndalonjeza, amayi." Ine ndinali nditanyamula sutikesi, ndinamva ndi makutu angawa.

Mpaka lero amagona chakukhoma, theka la bedi n'kulisiya lopanda munthu. Ndikawauza kuti asunthire pakati angagwe ndi kutembenuka, amati ndisawalowerere za m'banja mwawo.

Mwalimbana ndi abusa anzanu, mwalimbana ndi khonsolo, zonsezo ndi zanu. Koma mako ndi mako, achimwene. Simungadikire chaka chimodzi chokha? Manda aja akhala pamenepo chibadwire chathu, chaka chimodzi chingawonjezere chiyani? Ndikudziwa chimene mudzayankhe, mudzandiwerengera ana ena amene afe m'chaka chimenecho. N'chifukwa chake kukangana ndi inu kumatopetsa, mumakhala mutabisala kumbuyo kwa chilungamo.

Mundiuze njirayo ndi iti. Ndikufuna kuiona ndi maso, osati ndi chikhulupiriro.

Mlongo wanu.

*

24 Epulo

Alamu anga,

Muli bwanji kumeneko? Nanga apongozi anga miyendo ikuti bwanji? Ana akupereka moni. Wamng'onoyu wagulula dzino, akuti muwauze agogo ake.

Ndalemba ndine chifukwa achimwene anu kalata yanu anaiwerenga, n'kuipinda, n'kuiyika m'thumba la jekete. Cholembera amachigwira, kenaka n'kuchisiya. Ndaona kuti mukhala mukudikira mpaka tsitsi lichite imvi.

Voti yadutsa, alamu. Manda akale atsekedwa kuyambira tsiku loyamba la Julaye, ndipo likangokwana tsikulo palibe adzaikidwenso kumeneko. Muholo ya khonsolo munadzaza moti ena anakwera m'mazenera. Amayi a kumunsi anabwera atanyamula ndowa zopanda kanthu n'kuzindandalika kutsogolo kwa makhansala. Achimwene anu atatha kuyankhula, ena anawomba m'manja, ena anawatemberera. Mayi wina wokalamba anandigwira mkono potuluka n'kuti, "Mwamuna wako wandilekanitsa ndi ana anga atatu." Mawa lake zenera la kukhitchini linaswedwa ndi mwala, tatsekapo ndi katoni.

Koma nkhani yeniyeni ndi iyi. Lolemba kunabwera wapampando wa khonsolo mwiniwake, ndi galimoto, mpaka pakhomo pathu. Ndinamuphikira tiyi. Asanamwe anandifunsa kuti madziwo ndatunga kuti. Nditamuuza kuti ndi a pampope wa kusukulu ndi pomwe anamwa, makapu awiri.

Kenaka anati, "Abusa, ndamva kuti mayi akudwala. Ife si zilombo. Lamulo lili ndi kampata, wapampando atha kupereka chilolezo chapadera. Mungondilembera kakalata kopempha, ndi dzanja lanu, ine ndisaina tsiku lomwelo. Mayi adzagona pambali pa bambo, kaya ndi chaka chamawa."

Achimwene anu anangoti, "Ndamva, bwana." Munthuyo atapita anakhala pampando womwewo mpaka tiyi wawo anazizira. Ine ndine wosaphunzira koma msampha ndimaudziwa. Kakalata kameneko akakawerenga pamsonkhano, mabanja onse a mpingo waukulu adzafuna chilolezo chawo, ndipo palibe adzawakanize poti M'busa wa Zitsime wayamba ndiye. Lamulolo lidzafera pomwepo, ana a kumunsi n'kupitiriza kumwa zomwe amamwazo.

Komabe masiku ano akumatuluka m'mawa atavala tayi, osanena kumene akupita. Ndikawafunsa amati, "Ndikukonza za amayi." Ine ndikuganiza kuti akulimba mtima kuti akapemphe. Sindikudziwa ngati ndisangalale kapena ndilire. Musawauze kuti ndakuuzani.

Ndine mlamu wanu.

*

12 Meyi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli moyo, poti dzanja lanu sindinalione chichokereni Febuluwale.

Amayi adziwa. Sindinawauze ine. Mukudziwa kuti mapatani ndimadulira panyuzipepala zakale zomwe ndimagula kumsika. Loweruka ndimadula mkono wa bulauzi, amayi akundigwirira mapepala monga amachitira. Ndinangoona asiya kunditsutsa. Nditacheuka, ndinapeza atenga chidutswa chija, avala magalasi. Panali nkhope yanu, sizasi itakudulani khutu limodzi, ndi mawu onse pansi pake.

Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Ndinkayembekeza kuti alira kapena akutukwanani. Ayi ndithu. Anangoti, "Waonda mwanayu." Kenaka anafunsa kuti, "Akuti tsiku loyamba la Julaye? Nanga lero ndi liti?" Nditawauza, anayang'ana kalendala ya pakhoma nthawi yaitali, n'kundibwezera pepala lija kuti ndimalize mkono wa eni ake.

Kukhala chete kumeneko kukundiopsa kuposa kulira.

Alamu anandiuza za wapampando, ndipo musawakalipire. Achimwene, ndikugwadirani, kalembeni kakalata kameneko. Ndikudziwa kuti ndi msampha, sindine mwana. Koma mwapambana kale, nyuzipepala yakujambulani, manda atsopano alipo. Munthu mmodzi yekha, wokalamba, wopepuka ngati mtolo wa nsalu, angaipitse madzi a tauni yonse? Anthu adzayankhula mwezi umodzi n'kuiwala. Inu simudzaiwala mukadzawaika paphiri paja okhaokha, pakati pa miyala, abambo ali kutsidya kwa njanji.

Mundiyankhe ndi mzere umodzi wokha. Kaya mukuti inde, kaya mukuti ayi, koma ndidziwe chowauza.

Mlongo wanu.

*

7 Juni

Achimwene,

Moni sindipereka, ndilibe nthawi. Kuno zafika pa mwana wakana phala.

Amayi asiya kudya. Anayamba n'kuchepetsa, n'kumati pakamwa pakuwawa. Ine ndinakhulupirira, ndinkawasinthira zakudya, ndinkawagulira zipatso. Lachitatu ndikufunafuna batani la malaya a kasitomala, ndinatsegula chitini cha mabatani chomwe chimakhala pafupi ndi bedi lawo. Mapiritsi a mtima onse anali mmenemo, osakanikirana ndi mabatani oyera. Akhala akundigwira m'maso chiwerengereni pepala lija.

Ndinati, "Amayi, mukudzipha!"

Anati, "Usandikuwire, sindine kasitomala wako. Sindikudzipha, ndangosiya kukakamira. Sitima ili ndi nthawi yake, wokwera ndiye amafulumira."

Ndinati, "Mulungu simukumuopa?"

Anati, "Mulungu akundidziwa. Adokotala anakuuza pakhonde paja kuti chaka chino sinditha, umayesa sindinamve? Kaya ndipite mu Juni kaya mu Novembala, kwa Iye n'chimodzimodzi. Kwa ine n'zosiyana."

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa. Pofuna kuti adye, ndinawauza za wapampando, kuti mukhoza kupempha chilolezo, kuti palibe chofulumirira. Ndimayesa ndikuzimitsa moto, osadziwa kuti ndikuthira palafini. Anadzuka n'kukhala tsonga, chinthu chomwe sanachite mwezi wonse. Anati, "Mwana wanga akagwadire munthu ameneyo chifukwa cha mtembo wanga? Bweretsa pensulo."

Zomwe alemba ndaziika momwemu. Sindinawerenge, anamata okha.

Adokotala anabwera, anawanyengerera, anawaopseza ndi chipatala. Amayi anawafunsa ngati mayi awo ali moyo, kenaka anatembenukira kukhoma. Panopa akungomwa madzi, timadontho. Ndasiya kusoka, makina ndaphimba. Ndimakhala ndi supuni m'manja ngati chitsiru.

Bwerani, achimwene. Kapena lembani. Munthu amene mumayankhula maola awiri osapuma paguwa, mwasowa mawu a mayi anu?

Mlongo wanu.

*

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Uwerenge bwino.

Ndaona zimene wachita. Sindinakwiye. Ana a eni asamwe zoipa chifukwa cha ife akufa. Bambo ako akanakutsutsa masana, koma akanakakutamanda kwa anzawo iwe kulibe.

Kwa wapampando uja usapite. Ndikumudziwa kuyambira ali wamakabudula, ankaba makandulo m'tchalitchi. Ukamulembera kalata, usadzaime pamaliro anga.

Lonjezo lako usadandaule nalo. Iwe unachita mbali yako, tsiku waliika. Ine ndichita mbali yanga, ndifika nthawi isanakwane. Uwauze okumba akhale okonzeka.

Mlongo wako usamukalipire, wayesetsa. Uzidya, waonda.

Amayi.

*

TELEGALAMU, 21 JUNI

AMAYI ADYE. NDAKONZA ZONSE. KALATA IKUBWERA.

*

21 Juni

Mlongo wanga,

Ndakutumizira telegalamu m'mawa uno. Kalata ino uwawerengere amayi ikangofika, usadikire kuti adzuke, uwadzutse.

Kalata yako ya pa 7 ndi ya amayi ndaziwerenga lero. Zinafika ndili kulikulu, kumene ndakhala masabata awiri. Mlamu wako anaziika pashelefu osatsegula, chifukwa ndine ndinaika lamulo m'nyumba muno kuti kalata ya m'busa satsegula munthu wina, poti anthu amalembamo zakukhosi. Analisunga lamulolo monga ndinamuphunzitsira. Akulira m'khitchini muno, koma wolakwa si iye.

Kwa wapampando sindinapite, ndipo sindinaganizepo zopita. Chimene ndakhala ndikuyendera chiyambire Epulo ndi chilolezo cha a zaumoyo choti ndifukule abambo. Amayi sangapite kumene kuli abambo, choncho abambo ndiwo abwera kumene amayi adzagone. Ofesi ya kuno inanditumiza kulikulu, kulikulu ankangondiuza kuti bwerani mawa. Ndinagona pabenchi ya m'bale wina mpaka anasaina. Sindinauze munthu, ngakhale mkazi wanga, chifukwa a mpingo waukulu akanamva akanatseka chipata ndi maloya. Ndipo iwe sindinakuyankhe chifukwa ndinkaopa kulonjeza kachiwiri ndisanadziwe ngati zitheka. Ndinkati ndidzalemba zinthu zitatha. Ndinayesa kuti kukhala chete ndi nzeru.

Ndinatsika sitima dzulo m'mawa n'kulunjika kumanda ndi woyang'anira zaumoyo, osadzera kunyumba. Wosoka nsapato uja ndi amuna ena a mumpingo anakumba nane. Mvula inasiya kalekale, koma tisanafike pabokosi fosholo inayamba kutulutsa matope. Bokosi linali litatha. Abambo tinawapeza m'madzi, mlongo wanga. Zaka zonsezi amayi akhala akulakalaka kukagona m'thope.

Ndinawatola ndekha ndi manja anga, sindinalole wina. Ndinawakulunga mumkanjo wanga wolalikirira n'kuwaika m'bokosi latsopano. Anthu anadzaza pampanda. Ena ankakuwa kuti, "M'busa wapenga, wafukula bambo ake!" Wapampando anaima patali, chipewa chili m'manja. Tinawanyamula pamapewa kudutsa msika, kuwoloka njanji, mpaka paphiri. Amayi a kumunsi anasiya ndowa zawo n'kutitsatira akuimba.

Abambo ndiwo oyamba kugona kumanda atsopano. Nthaka yake ndi youma, yofiira, ndipo ukaima pamenepo umaona tauni yonse. Kumanzere kwawo ndakhomapo zikhomo ndi chingwe. Malowo ndi a amayi, ndipo alibe tsiku lotsekera. Akhoza kubwera chaka chamawa, akhoza kubwera patapita zaka khumi.

Ndinafika kunyumba nditatopa, ndinagona osayang'ana pashelefu. M'mawa uno ndi pomwe mlamu wako wandipatsa makalata.

Amayi, ngati mukumva: sindinagwadire munthu. Idyani. Imwani mankhwala. Ndikupemphani ngati mwana wanu, osati ngati m'busa. Lamlungu likubwerali a mpingo waukulu akonza zoguba kuti lamulo liimitsidwe lisanayambe, ndipo ndikachoka pano makhansala ena abwerera m'mbuyo. Likangodutsa tsiku loyamba la Julaye ndikwera sitima.

Ndine mchimwene wako.

*

3 Julaye

Achimwene,

Sitima musakwere. Tikubwera ndife.

Telegalamu yanu inafika tsiku lomwelo. Ndinathamanga nayo kuchokera pachipata, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi, ndinagunda ndi makina omwe. Ndinawawerengera kawiri. Amayi anatsegula maso n'kuti, "Wakonza zonse? Ndi ndani?" Ndinati sindikudziwa, kalata ikubwera. Anati, "Wapita kwa wakuba makandulo uja. Ndinamuletsa." Misozi inatsika, yoyamba chiyambire nkhani yonseyi. Kuyambira pamenepo ngakhale madzi ankakana. Ankati akafulumira, chilolezocho sichigwira ntchito, ndipo wapampando adzasowa chokunyozerani. Nanenso ndinkaganiza zomwezo. Mawu a telegalamu amalipiritsa, ndikudziwa, koma mukanawonjezera atatu okha.

Kalata inafika Lachisanu. Ndinawadzutsa monga munanenera. Anali atachepa moti ndinawakweza ndi dzanja limodzi kuti nditsamiritse pilo. Ndinawerenga mokweza, pang'onopang'ono. Pomwe munati munawapeza abambo m'madzi anatseka maso, ndinayesa apita. Nditafika pa mkanjo anati, "Bwereza pamenepo." Ndinabwereza. Nditamaliza anati, "Ndiye wawasamutsa bambo ake osandifunsa? Mwana ameneyu!" Anaseka, achimwene. Kunalibe mawu, koma mapewa ankagwedezeka.

Kenaka anati, "Tandipatsa tiyi. Uthire shuga wambiri, ndi buledi."

Sindinayambe ndayatsapo moto mwachangu chotero. Ndinaviika buledi mutiyi, ndinawapatsa pansonga ya supuni. Anayesa. Ndikulumbira, anayesa ndi mphamvu zawo zonse, khosi likukwera ndi kutsika. Zinabwerera. Tinayesanso, zinabwereranso. Adokotala anabwera ndi botolo la madzi olowetsa pamkono, anafunafuna mtsempha mikono yonse iwiri. Atatuluka pakhonde sanandiitane, anangondiyang'ana.

Masiku otsatirawo ankafuna kukhala moyo. Chimenechi ndi chomwe chikundipweteka kuposa zonse. Ankandifunsa ngati paphiripo pali mtengo, ngati sitima ya kwanuko ikadali ndi mipando yamatabwa. Ankati akachira ndiwaperekeze akaone okha ngati mwawagoneka bwino abambo, poti inu ngakhale bedi lanu simunkatha kuyala. Supuni ankaitsegulira pakamwa nthawi iliyonse, ngati kamwana.

Tsiku lanu loyamba la Julaye analiona. Ndinawauza kuti lero manda akale atsekedwa. Anati, "Atseke." Amwalira dzulo masana, dzuwa lili pabedi, ine ndikuwapesa tsitsi.

Ndakwiya nanu, achimwene, ndipo sindibisa. Ana a kumunsi adzamwa madzi abwino, zimenezo ndi zoona, ndipo tsiku lina mwina ndidzakunyadirani. Lero ayi. Mu Meyi ndinakupemphani mzere umodzi. Mukanangolemba kuti ndikuyesa kusamutsa abambo, kaya zitheka kaya sizitheka, amayi bwenzi pano akunditsutsa mpendero. Tauni yonse munaiuza zoona mopanda mantha, miyala ikugwa pazenera. Anthu awiri okha ndi amene munawaopa, ine ndi mayi anu.

Pamaliro mudzalalikire kapena musadzalalikire, izo mudziwa ndinu. Ine ndidzakhala pambali panu chifukwa ndinu mchimwene wanga ndipo ndilibe wina.

Anandisiyira uthenga woti ndikuuzeni dzulo m'mawa, ndipo anandibwerezetsa kuti ndisaphonye. Anafunsa kuti chingwe chija mwachikhoma patali bwanji ndi abambo. Ndinati sindikudziwa, mwina monga amachitira a khonsolo. Anati, "Umuuze asatsate za khonsolo pamenepo. Akumbe pafupi. Bambo ake makutu anali atayamba kuvuta, ndipo ndili ndi zambiri zoti ndikawauze."

Tifika Lachinayi ndi sitima ya m'mawa. Kumbani pafupi, achimwene.

Mlongo wanu.